Chotupitsa cha Amai Dominga

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, msinkhu umene mtsikana amadziona ngati wadziwa zonse za pansi pano, pamene amai anabereka mlongo wanga wotsiriza. Munali m'zaka za m'ma 1950, tikukhala m'dera la kwa Mphuka, m'mbali mwa Zambezi. Nkhani iyi ndakhala nayo kukhosi moyo wanga wonse. Ngakhale malemu amuna anga, amene ndinkawauza ndi zosafunika zomwe, anapita osaimva. Lero ndiinena basi, ndatopa nako kuimeza.

Kwathu tinkaphika mkate. Musaganize za buledi wa m'sitolo uja wofewa ngati thonje, ayi. Amai anali ochokera kutsidya, ku Zumbo, ndipo anawoloka ndi luso la mkate umene iwo ankautchula kuti pau. Tinali ndi tirigu wathu wamakolo, wa maso ang'onoang'ono ofiirira, amene atate ankafesa kudimba madzi akaphwa, nyengo yozizira. Sankabereka kwambiri tirigu ameneyu, madengu awiri akachuluka, motero amai ankasakaniza ufa wake ndi wa mapira kuti ufike patali. Kusinja, kupeta, kupera pamphero ndi kusefa inali ntchito yanga, ndipo ndinkaigwira ndikung'ung'udza. Koma mkatewo ukatuluka mu uvuni wathu wadothi, woderako, wolemera, wolimba kunja, wowawasa pang'ono mkati, kung'ung'udza konse kunkatha. Fungo lake linkaimitsa anthu panjira.

Chotupitsa chake sichinali cha m'chitini. Linali phala la ufa ndi madzi lokhala m'kambiya kakang'ono, lotulutsa thovu, lonunkhira ngati thobwa logonera. M'mawa uliwonse amai ankalithira ufa wodzaza dzanja ndi timadzi, ndipo nyengo yotentha ankakhazika kambiyako pamchenga wonyowa pafupi ndi mtsuko. Ankati anachilandira kwa amai awo, nawonso kwa amai awo. Pamene mabanja ankathawa ntchito yokakamiza ya kutsidyako, atsikana awiri anawoloka nacho m'bwato limodzi, n'kudzagawana atafika kuno. Mmodzi anali amai. Winayo anali mnzawo wapamtima, amai Dominga.

Chotupitsa chinali ndi mwambo wake. Chako chikafa unkakapempha kwa mnzako, ndipo iye sankayenera kukukaniza. Koma mkate woyamba kutuluka mu uvuni unkapita kwa mwini chotupitsa, ukadali wotentha, munthu aliyense m'nyumba asanalawe.

Amai Dominga anali amai anga a ubatizo. Ndiwo anandinyamula kuguwa ndili khanda. Ndili ndi zaka zinayi anadwala khate, n'kupita kukakhala kumishoni kumene odwala matendawa ankalandira mankhwala. Anakhalako zaka zisanu. Pobwera anabwera ndi pepala lonena kuti achira ndipo sangapatsirenso munthu. Pepala linalipo ndithu, koma zala sizinabwerere, ndipo amuna awo anawapeza atakwatira kwina. Anamanga kanyumba kumapeto kwa mudzi, kuseri kwa mitengo ya masau. Panalibe wokapala moto kwawo, panalibe wokabwereka sefa kapena wopempha mchere. Kutchalitchi ankakhala okha kumbuyo. Ngakhale amai, ndinene zoona, ankawapatsa moni ataima kunjira, n'kumandituma ine kuti ndikasiye nsomba pakhonde. Ife ana tinkauzana kuti ukangodya chimene wakhate wagwira, zala zimayamba kuthothoka chimodzichimodzi. Ine ndinkakhulupirira zimenezi kuposa katekisimu.

Kubereka kwa amai ulendo umenewo kunali kovuta, anatsala pang'ono kutisiya. M'chipwirikiti chimenecho panalibe anakumbukira kambiya. Unali mwezi wa Okutobala, ndipo amene anakhalako ku Feira, boma la dera lathulo, akulidziwa dzuwa lake. Pofika tsiku lachisanu chotupitsa chinali chitachita chuku, chikununkha ngati khoswe wakufa. Atate anakachitaya kudzala atatseka mphuno.

M'mawa mwake amai anandiitana. Anali akadali m'chikuta, pamphasa, khanda lili pambali.

"Tereza, tenga chikho chatsopano chija, upite kwa amai ako a ubatizo. Ukanene kuti amai akupempha chotupitsa."

"Kwa amai Dominga?"

"Uli ndi angati amai a ubatizo? Mwana wanga, imfa inandisuzumira, ndipo ndaganiza zambiri pamphasa pano. Mwanayu adzam'nyamula kuguwa ndi Dominga, ndipo anthu adzadya mkate wa chotupitsa chake."

Ndinapita monyinyirika. Ndinawapeza amai Dominga akupeta mapira, lichero atalipana ndi zikhatho. Anali munthu wanthabwala, wa pakamwa pothwa, ndipo matenda sanawalande zimenezo.

"Ndani uyo waima kutali ngati waona njoka? Ee, si kamwana kangu kaja kanandikodzera kuguwa? Sendera kuno, sindiluma."

Ndinagwada n'kunena uthenga. Lichero linaima.

"Bwereza."

Ndinabwereza.

"Amako? Ndi pakamwa pawo?"

Nditavomera, anayamba kuseka, kwinaku akupukuta m'maso ndi mkono. Analowa m'nyumba mothamanga ngati mtsikana, n'kutuluka atakumbatira kambiya kofanana ndi kathu. Anandiuza kuti anapita nako ngakhale kumishoni, ndipo zaka zisanu zonsezo ankapatula ufa pa chakudya chawo n'kumadyetsa. Anzawo odwala ankawaseka. Iwo ankawayankha kuti tsiku lina wina adzapempha, ndiye adzapeze mulibe kanthu? Atabwerako ankaphika Loweruka lililonse, n'kudya okha, zotsala n'kupatsa nkhuku.

Anayesa kutunga ndi chipande. Chinawapulumuka, n'kugwa pansi. Anayesanso, chinagwanso. Kenaka anati, "Aa, manyazi achani, ndiwe mwana wangu," n'kupisa dzanja m'kambiya. Ndinaliona dzanja lija, la timfundo m'malo mwa zala, likutuluka ndi phala loyera, likulipalira m'mphepete mwa chikho chathu. Katatu konse. Ndinakwinya nkhope ndisanadzigwire.

"Ukawauze amako kuti ndikudikira mkate wangu woyamba. Ndipo usaupsereze, wamva?"

Njira yobwerera inkadutsa m'mbali mwa madzi. Ndinanyamula chikho ndi nsonga za zala, nditachitalikitsa. Ndinkaganiza za zala zanga, za amai, za khanda lija. Nditafika pa bango, ndinayang'ana uku ndi uku, n'kukhuthula chonse m'madzi. Tinsomba tinabwera kudzajompha. Ndinatsuka chikho ndi mchenga, n'kukwecha manja anga mpaka kuwawa. Kunena zoona ndinamva kupepuka, ngati ndapulumutsa banja lathu lonse.

Mantha anabwera pambuyo. Kunyumba ndikanena chiyani? Apa m'pamene nzeru zanga za zaka khumi ndi chimodzi zinagwira ntchito. Ndinali nditamvapo amai akunyoza akazi aulesi amene amatupitsa mkate ndi masese. Pakhomo lina anali atafulula mowa wa mapira, ndipo masese anali atawathira mu mtondo wosweka umene nkhumba zinkadyeramo. Ndinazemba, n'kupitikitsa nkhumba, n'kutapa. Mundimvetse bwino: ndinanyansidwa ndi dzanja la munthu amene anandinyamula kuguwa, koma za nkhumba ndinatapa ndi dzanja langa osanyansidwa.

Kuseri kwa nkhokwe ndinasakaniza masesewo ndi ufa, n'kuthira m'kambiya kathu. Mwayi wa wakuba unali nane. Mkazi wa m'chikuta sagwira zophikira, choncho amai anangoona kambiyako ndili nako pakhomo, iwo ali mkati mwa mdima.

"Dominga anati chiyani?"

"Anaseka, kenaka analira."

Amai anatembenukira kukhoma.

Ndinadyetsa chinthu changa chija masiku awiri, ndipo chinkatulutsa thovu lochititsa kaso. Tsiku lachitatu amai anati tiyese kuphika, tione ngati chili ndi mphamvu ubatizo usanafike. Kanali koyamba kuti ndiphike ndekha, iwo akulangiza ali pamphasa. Ufa wa tirigu mbale ziwiri, wa mapira imodzi. Mchere, madzi ofunda. Ndinakanda mpaka mapewa kuwawa, amai akufuula kuti ndisamasisite ngati ndikusambitsa mwana, ndizikanda ndi thupi lonse. Ndinavundikira ndi nsalu, n'kukasonkha moto wa nkhuni za tsanya mu uvuni. Dzuwa lisanafike pamutu, mtanda unali utatukula nsalu.

"Wafulumira bwanji?" anadabwa amai. Kenaka anadziyankha okha, "N'kutenthaku."

Ndinaumba mikate inayi pa masamba a nthochi, n'kupala makala, n'kuwaza kaufa pansi pa uvuni kuti ndione kutentha, monga ndinkawaonera. Inatuluka yokongola, yotupa kuposa ya masiku onse. Ndinanyada, ine chitsiru. Ndinaganiza kuti mlandu wathera pomwepo.

"Woyamba kutulukawo ukulunge pansalu," anatero amai. "Thamanga ukadali wotentha."

Pakhomo pa amai Dominga panali posesedwa mpaka kunjira. Anali atavala duku la kutchalitchi pakati pa sabata, ndipo mphasa anali ataiyala panja, poonekera, kuti aliyense wopita kumadzi aone. Ndikufika ndinawamva akuuza akazi awiri odutsa ndi mitsuko, mokweza, kuti, "Ine lero sindichoka, ndikudikira mkate wangu wa kwa amake Tereza!"

Ndinagwada n'kupereka. Anaulandira ndi zikhatho zonse ziwiri, n'kuuyamikira kulemera kwake, n'kunditcha mkazi weniweni. Anaukanikiza pabondo, unanyemeka, nthunzi inatuluka. Anaununkhiza. Kumwetulira kuja kunayamba kuzimirira pang'onopang'ono. Anayang'ana mkati mwake, mmene munali mabowo akuluakulu, n'kuluma kachidutswa. Anatafuna nthawi yaitali, maso ali kumitengo ya masau.

"Ichi si chotupitsa changu," anatero motsitsa mawu. "Awa ndi masese."

Ine ndinayang'ana kumbali.

"Tereza, ndiyang'ane. Changu chija chinafika m'manja mwa amako?"

Apa ndiye pali nkhani yonse. Sanandikalipire, sanandiopseze. Anangofunsa. Ndikanangonena kuti ndinataya ndine, akanandinyoza ndi pakamwa pawo pothwa paja, mwina n'kundikoka khutu, n'kunditapiranso china. Koma ndinaopa ndodo, ndinaopanso maso awo. Ndinayang'ana pansi n'kunena kuti, "Inde, ndinawapatsa."

Anagwedeza mutu kangapo, ngati munthu amene wamva zimene ankaziyembekezera kale.

"Chabwino. Ukawauze kuti ndathokoza."

Anavula duku lija, n'kuyamba kupinda mphasa. Ndinachoka osatsanzika.

Choipa chitsata mwini. Ndinali nditaiwala kuti nawonso amai ali ndi lilime. Ndinawapeza azakhali, alongo awo a atate amene ankatithandiza masiku amenewo, atawanyemera kale mkate wachiwiri. Amai anali nawo m'manja, osadya.

"Tereza, lowa. Khala apa. Mwaika chiyani mu mkate uno, iwe ndi satana wako?"

Ndinayesa kuzungulira, koma amai sanali munthu wozunguliridwa. Ndinaulula za bango, ndinaulula za nkhumba. Azakhali analavula. Amai anandifunsa.

"Dominga walawa?"

"Alawa."

"Ndiye wam'uza chiyani?"

"Ndati ndinakupatsani."

"Mayo ine!"

Sindinawaonepo amai akudzuka choncho. Munthu amene ankalephera kufika pakhomo popanda wom'gwira anamanga nsalu m'chiuno, n'kutola ndodo ya atate. Azakhali anawatchinga. Anati mkazi satuluka m'chikuta masiku asanakwane, anthu adzati chiyani, mwana adzadwala. Amai anati, "Gwirani mwanayo, alamu, ndichokereni pakhomo." Tinayenda dzuwa likuswa mtengo, iwo patsogolo akutsimphina n'kumaima kuti apume, ine m'mbuyo ndikulira mosatulutsa mawu. Anthu ankatuluka m'makhonde kudzationerera.

Tinachedwa. Kambiya ka amai Dominga kanali pathandala, kotsukidwa bwinobwino, kovundikiridwa chafufumimba padzuwa. Pansi, nkhuku zinali kulimbirana zotsalira zoyera zosakanikirana ndi fumbi. Mwiniwake anali khale pakhonde, manja ali pamiyendo.

"Dominga, wachita chiyani?" anafuula amai.

"Ndimasungira ndani?"

"Ndi mwanayu! Ine sindinachione n'komwe. Nena, iwe!"

Ndinagwada m'fumbi n'kunena zonse kachiwiri, mamina ali chuchuchu. Amai Dominga anamvetsera osandiyang'ana. Amai anakweza ndodo ija.

"Musiye," anatero amai Dominga. "Ukam'menya chibwerera?" Kenaka anatembenukira kwa amai n'kunena kuti, "Rozina, ukudziwa chifukwa chake ndam'khulupirira msanga mwanayu? Zaka ziwiri moni wako wakhala ukuthera kunjira uko."

Ndodo inagwa. Amai anakwawira pakhonde paja, n'kugwira manja onse awiri a mnzawo, n'kuwaika pankhope pawo. Analira awiriwo ngati pamaliro, akuyankhulana m'Chikunda chakuya cha kwawo chimene ine sindinkachimva chonse. Ndinakhala potero, chogwada, mawondo akupsa ndi mchenga. Panalibe anandiuza kuti ndidzuke.

Chotupitsa cha ku Zumbo chinathera pamenepo. M'mudzi monse, ngakhale midzi yoyandikana nayo, munalibenso wina amene anali nacho. Akazi awiriwo anayambitsa china, ufa ndi madzi chabe, n'kumadikira masiku kuti chidzuke. Ubatizo anausuntha. Tsiku lake litafika, amai Dominga ananyamula mlongo wanga kuguwa, anthu akutukula makosi. Mkate unagawidwa. Ena anadya, ena ndinawaona akuubisa m'nsalu kuti akataye kunjira. Unali mkate wabwino, koma sunali uja. Amai atauluma anayang'ana mnzawo, mnzawoyo n'kunena kuti, "Ndi mlendo uyu, tizolowerana naye." Kukoma kwa mkate wakale uja ndimakukumbukira mpaka lero, ndipo palibe mdzukulu wanga amene adzakudziwe.

Kuyambira pamenepo amai sankaimanso kunjira. Ankadyera mbale imodzi ndi amai Dominga, ndipo pang'onopang'ono akazi ena awiri atatu anayamba kukapalako moto. Ine ndinkapitako pafupifupi tsiku lililonse, kukatunga madzi, kukapera, kukasesa. Panalibe ankandituma. Amai Dominga sanaitchulenso nkhani ija. Ankandiseka monga kale, anandiphunzitsa kudziwa mkate wakupsa pougogoda kunsi, ndipo pa ukwati wanga anavina mpaka duku kugwa.

Koma panali chinthu chimodzi. Amai Dominga akamagawa mkate, amai anga ankawapatsa pamanja. Mlongo wanga ankam'dyetsa ndi dzanja lawo mpaka anakula. Wanga ankauika pambale, mbaleyo n'kuikhazika pamphasa, n'kuikankhira kwa ine ndi chigongono. Tsiku lina, ndili kale ndi mwana kumbuyo, ndinatambasula manja onse awiri n'kunena kuti, "Amai, ndipatseni pamanja." Anandiyang'ana mokoma mtima ndithu, n'kunena kuti, "Usadzivute, mwana wangu." Mbale inabwera monga mwa masiku onse. Anamwalira zikadali choncho.

Kwa zaka zambiri ndinkadzitonthoza kuti ndinali mwana, ndipo mantha aja ndinachita kuphunzitsidwa ndi akuluakulu. Zimenezo n'zoona pa zimene ndinachita pa bango. Koma bodza la pamphasa lija silinachokere kwa munthu wina, linali langalanga. Ndinaona ndi maso anga duku la kutchalitchi ndi bwalo losesedwa, ndinadziwa chimene mayi uja ankafunsa, ndipo ndinasankha kupulumutsa matako anga. Pa bango ndinataya phala lodzaza chikho, limene akanatha kunditapiranso. Pamphasa ndinawauza kuti mnzawo mmodzi yekha amene anatsala naye amanyansidwa nawo.

Kale ndinkayesa kuti mbale ija inali chilango. Tsopano ndakalamba, manja anga akunjenjemera, ndipo ndaonapo kamdzukulu kakuyang'ana chakudya chimene ndagwira, kenaka n'kuyang'ana amake. Ndiye ndadziwa. Amai Dominga sankandilanga. Ankaopa kuionanso nkhope yanga ikuchita zimene inachita tsiku lija, ndipo munthu amene ankamuopayo ndinali ine, mwana wawo wa ubatizo.